Khirisimasi yopanda ngongole

Chaka chino abale akudzadyera Khirisimasi kwathu, ndipo ndatsimikiza mtima kuti ngongole sinditenga. Mpunga wa Kilombero, nkhuku ziwiri zachikuda ndi kabichi wokazinga zikwanira. Nkhuku yachikuda imafuna moto wodekha, choncho ndimaitereka pambaula m'mamawa, anthu asanapite kutchalitchi.

Ndalama zambiri zimathera pa zakumwa. M'malo mwa makireti a Fanta, ndimaphika thobwa dzulo lake. Phala la mgaiwa likapsa ndimaliphula kuti lizizireko, kenako ndimathira chimera cha mawere n'kutakasa bwinobwino, ligone usiku wonse, m'mawa ndiliwiritsenso. Musathire chimera phala likadali lowira, thobwa silitsekemera. Ine ndinaziphunzira mwamanyazi, apongozi atamwako kamodzi n'kukankhira chikho pambali.

Zokongoletsera sindigula. Pathebulo ndimayala chitenje chowala, pakati ndimaika lichero la mango, maluwa akumpanda ndimawaimika m'mabotolo otsuka bwino. Ana ndimawapatsa mapepala akale ndi phala la kondowole kuti amate timaunyolo topachika, apo ayi sandisiya kukhitchini. Mikeka ndimayala pakhonde, chifukwa mvula ya Disembala sipempha odi.