Kukwera phiri n'kwabwino pa thanzi, koma phirilo tilisamale

Munthu akaima pa Chichiri n'kuyang'ana mbali zonse amaona mapiri: Ndirande, Soche, Michiru, ndipo cha ku Limbe kuli Mpingwe ndi Bangwe. Masiku ano mapiriwa sakweredwa ndi otola nkhuni okha. Loweruka m'mamawa mumapezeka magulu a achinyamata, ogwira ntchito m'maofesi, amayi a mpingo ndi ena opita kukapemphera. Ena amayenda Njira ya Mtanda ku Michiru, ena amalowa nawo ulendo wa bungwe la Mountain Club of Malawi wokwera Michiru, Ndirande ndi Soche tsiku limodzi. Chizolowezichi n'chabwino ndipo chipitirire, koma chikufuna nzeru kuti chisapweteke wokwerayo kapena phirilo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewero olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kukwera chitunda kumagwiritsa ntchito mtima, mapapo ndi minofu ya m'miyendo nthawi imodzi. Minofu ikamagwira ntchito imatenga shuga m'magazi, ndipo mitsempha imazolowera kutamuka, motero kuyenda kotere kumathandiza kupewa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Komabe amene ali kale ndi vuto la mtima, BP kapena mphumu ayambe waonana ndi dokotala, kenako ayambire pa mtunda waufupi. Akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, aime pomwepo.

Mdani wamkulu wa wokwera mapiri a Blantyre ndi dzuwa, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Thupi limadziziziritsa potulutsa thukuta, ndipo thukutalo limachoka ndi madzi ndi mchere. Madzi akachepa, mutu umayamba kuwawa, miyendo imakokana, mkodzo umachepa n'kuoneka wachikasu kwambiri. Munthu akayamba kulankhula zosokonekera kapena kukomoka, ndiye kuti zafika poopsa: mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi m'thupi ndipo afike kuchipatala msanga. Nyamukani m'bandakucha, tengani madzi osachepera malita awiri, chipewa, nthochi kapena mtedza, ndi paketi ya Thanzi. Abale athu amene amakwera phiri akusala kudya alingalire bwino za mfundoyi, makamaka odwala shuga, amayi oyembekezera ndi okalamba.

Ku Mulanje vuto limatembenuka. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Chiperoni chikabwera, chifunga chimaphimba njira m'kanthawi kochepa, zovala zimanyowa, thupi n'kuyamba kutaya kutentha mofulumira kuposa mmene lingakubwezeretsere. M'chaka cha 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anamwalira cha ku Sapitwa atapitiriza ulendo popanda womuperekeza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Operekeza alendo a ku Likhubula amadziwa mtsinje uliwonse ndi nyengo ya phirilo, ndipo ndalama imene mumawapatsa imadyetsa mabanja a m'midzi yozungulira.

Njoka nazo zilipo, monga mphiri imene imakonda kugona phee m'njira. Valani nsapato zotseka ndipo musapise dzanja m'mapanga. Wina akalumidwa, musatemepo mphini, musayamwe bala, musamange mwendo ndi chingwe. Mkhazikeni mtima pansi, chiwalocho chisagwedezeke, munyamuleni kupita kuchipatala monga cha Queen Elizabeth.

Tsopano tione mbali ya phirilo. Nthaka ya m'phiri ndi yopyapyala ndipo imagwiridwa ndi mizu ya udzu ndi mitengo. Anthu akamaponda malo amodzi mobwerezabwereza, udzu umafa, dothi limagwirana, timipata tolowera madzi timatsekeka. Mvula ikagwa madzi salowanso pansi koma amathamanga pamwamba, akukokolola dothi. N'chifukwa chake njira zabwino za m'phiri zimakhotakhota: zimachepetsa liwiro la madzi. Wodula njira yachidule yolunjika kumunsi amakhala watsegulira madzi ngalande, ndipo pakapita madzinja angapo pamakhala chigwembe. Yendani m'njira imene ilipo kale, mondondozana, ngakhale muli matope.

Anthu a ku Blantyre sakufunika kuuzidwa zimene phiri lovulala limachita. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa chimvula kwa masiku angapo, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Makolo athu ankati ndi napolo, monga anachitira ku Phalombe mu 1991. Mvula ija inali yoposa muyeso, ndipo sitinganene kuti okwera phiri ndiwo anayambitsa ngoziyo. Koma kudula mitengo, kuotcha makala, kulima ndi kumanga m'mbali mwa phiri kunasiya dothi lopanda choligwira, ndipo wokwera phiri asawonjezere bala pa bala.

Moto ndi chiopsezo china. M'chilimwe udzu umakhala wouma gwa, ndipo ndudu imodzi kapena moto wa kanyenya wosazimitsidwa bwino ungathe kupsereza phiri lonse, kupha timitengo tongodzalidwa kumene. Ku Mulanje moto ndi macheka zatsala pang'ono kutha mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi nthambi ya zankhalango akhala akudzala mbande zake, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirilo pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Pali nkhani ina imene ambiri amachita nayo manyazi, ya chimbudzi. Madzi ena amene timamwa mumzinda wa Blantyre amachokera ku damu la Mudi, lomwe limadalira phiri la Ndirande, ndipo ena amachokera ku mtsinje wa Likhubula ku Mulanje. Mabanja ambiri a m'munsi mwa mapiri amatunga m'mitsinje ndi m'zitsime mwachindunji. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo amafala kudzera m'madzi oipitsidwa ndi chimbudzi. Mukapanikizika muli m'phiri, pitani kutali ndi mtsinje mamita osachepera 60, kumbani kadzenje kakuya masentimita 15 kapena 20, mukatha mukwirire. Mabotolo, majumbo ndi mapepala a masiwiti mubwerere nazo kunyumba, chifukwa pulasitiki siwola msanga ndipo anyani ndi ziweto zikameza zimadwala.

Ambiri mwa mapiriwa ndi nkhalango za boma zotetezedwa ndi lamulo la zankhalango la 1997, kutanthauza kuti ndi a tonse. Atsogoleri a magulu okwera mapiri, abusa ndi aphunzitsi ali ndi mwayi waukulu: asananyamuke, atenge mphindi zisanu kufotokoza za madzi, njira, moto ndi zinyalala. Mwezi wa Disembala ukafika, nyengo yodzala mitengo itayamba, gulu lililonse lisankhe malo amodzi m'phiri limene limakonda, lidzalepo mbande, ndipo lizibwerako kukapalira ndi kulambula njira yotchinga moto mpaka mitengoyo itakula.