Kodi chambiko chingachepetse kunenepa?

Achinyamata anzathu, si tizilombo tonse timene timadwalitsa ayi. M'matumbo mwathu muli mabakiteriya abwino othandiza kugaya chakudya. Ena amapezeka mu chambiko ndi thobwa losasa, ngati lija la pamsika wa Nsungwi ku Area 25.

Mu 2006 akatswiri a ku America anatenga tizilombo ta m'matumbo a mbewa zonenepa n'kuika mwa mbewa zina. Nazonso zinanenepa! Koma anthu akamamwa mabakiteriya abwinowa, thupi limachepa pang'ono chabe. Thobwa lothira shuga wambiri ndiye limanenepetsa kumene.

Ma ARV a dolutegravir, amene anayamba kuperekedwa kuno mu 2019, amanenepetsa anthu ena. Chonde osasiya kumwa ati thupi lakula. Kafotokozeni kuchipatala, akakukwezeni pasikelo ndi kukuyezani BP ndi shuga.