Cimbudzi Copatsa Moto ndi Manyowa

Ku Kanini, mu mzinda wa Ndola, nyumba zambiri zili ndi zimbudzi za madzi. Munthu akamaliza kudzithandiza, amatsegulira madzi. Madzi aja amati khuu! Zonse zapita.

Tsiku lina mwana wa mu Giredi 3 anafunsa ambuye ake kuti, "Ambuya, nanga zonyansa zija zipita kuti?"

"Mdzukulu wanga, zija sizisowa ai. Zingopita kwina," anayankha ambuye ake.

Ambuyewo ananena zoona. Zonyansa za m'cimbudzi zikatayidwa paliponse, zimabweretsa matenda. Koma zikasamalidwa bwino, zimapatsa anthu moto wophikira ndi manyowa a m'munda.

Ulendo wa zonyansa

Pansi pa misewu ya mu Ndola pali mapaipi aakulu. Mapaipi amenewa amatenga madzi oipa ocokera m'zimbudzi. Ena mwa madzi amenewa amafika pa malo oyeretsera madzi oipa a ku Kanini. Kampani ya Kafubu Water ndiyo iyang'anira malowa. Pamenepo zonyansa zimapatulidwa, ndipo madzi amatsikira mu mtsinje wa Kafubu. Mtsinje wa Kafubu umathira mu mtsinje wa Kafue. Anthu ambiri amamwa madzi a mitsinje iwiriyi. N'cifukwa cake madzi oipa afunika kuyeretsedwa coyamba.

Koma si nyumba zonse zili ndi mapaipi. M'makomboni ndi m'midzi, mabanja ambiri ali ndi zimbudzi zokumba. Dzenje likadzaza, mvula ikagwa, zonyansa zimasefukira pabwalo. Zina zimalowa m'zitsime. Nchenche nazo zimatera pa zonyansa, kenaka zitera pa nsima.

Umu ndi mmene matenda a kolera amafalikira. Munthu wodwala kolera amatsegula m'mimba ndi kusanza kwambiri. Akacedwa kupita ku cipatala, angathe kufa. Mu caka ca 2024 kolera inavuta kwambiri mu Zambia. Masukulu anayenera kutsegula mu Januwale, koma ana anakhala kunyumba mpaka pa 12 Febuluwale.

Moto wocokera m'cimbudzi

Njira imodzi yosamalira zonyansa ndi kupanga bayogasi. Bayogasi ndi mpweya umene umayaka moto.

Amisiri amakumba dzenje lalikulu. M'dzenjemo amamanga thanki ya njerwa ndi simenti. Thanki imeneyi ndi yozungulira ngati mphika wovundikira. Imatsekedwa kuti mphepo isalowe. Paipi imodzi imalowetsa zonyansa za m'cimbudzi. Anthu amathiramonso ndowe za ng'ombe kapena za nkhumba, zotsala za cakudya ndi madzi.

Mu thanki muja muli tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tizilomboti timadya zonyansa zija usana ndi usiku. Tikamadya, timatulutsa mpweya. Mpweyawo umakwera pamwamba, ndipo umadutsa mu paipi ina mpaka ku sitovu ya m'khichini. Amai akayatsa macisi, lawi la buluu limati phwii! Utsi palibe.

Mwana uja atamva zimenezi anagwira pamphuno. "Aa, ambuya! Nanga nsima yake siinunkha?"

Ambuye ake anaseka. "Ai, siinunkha. Cimene cifika ku sitovu ndi mpweya cabe. Zonyansa zitsala mu thanki."

Cimbudzi ca banja limodzi cimapatsa mpweya wocepa. Conco bayogasi imayenda bwino kumene kuli anthu ambiri kapena ziweto, monga pa sukulu, pa msika ndi pa famu.

Ku Kanyama, mu Lusaka, nchito imeneyi inayamba mu 2013. Anthu ophunzitsidwa bwino anali kuvala majombo ndi magolovesi. Anali kutapa zonyansa m'zimbudzi zodzaza ndi kuziika m'madiramu otseka. Anali kupita nazo ku thanki ya bayogasi. Zotsala mu thanki anali kuziyanika kuti ziume. Zikauma zimakhala manyowa.

Bayogasi imathandizanso mitengo. Ku Copperbelt mitengo yambiri imadulidwa kuti anthu aoche malasha. Banja lophika ndi bayogasi silifuna malasha ambiri pa mbaula. Ndalama zimasungika, mitengo nayo imatsala.

Cimbudzi copanga manyowa

Njira yaciwiri siifuna mapaipi kapena madzi. Ifuna phulusa, dothi ndi masamba ouma cabe.

Banja limakumba maenje awiri osazama, moyandikana. Kanyumba ka cimbudzi kamaikidwa pa dzenje loyamba. Munthu aliyense akamaliza kudzithandiza, amathiramo kapu imodzi ya phulusa losakaniza ndi dothi. Phulusa limaumitsa zonyansa. Limacepetsa fungo, ndipo nchenche sizibwera zambiri.

Dzenje loyamba likadzaza, amalikwirira ndi dothi. Kanyumba kaja amakasamutsira pa dzenje laciwiri. Dzenje loyamba limapumula kwa miyezi 12. Mu nthawi imeneyi zonyansa zimaola, ndipo tizilombo tambiri toyambitsa matenda timafa. Akulu akafukula, amapeza manyowa akuda onga dothi la m'nkhalango. Amawathira ku cimanga ndi ku mitengo ya zipatso. Cimbudzi ca maenje awiri cimenecici dzina lake ndi Fossa Alterna.

Palinso cimbudzi cina cochedwa Arborloo. Ici cili ndi dzenje limodzi lakuya ngati mita imodzi. Likadzaza salifukula ai. Amathirapo dothi lambiri ndi kubzalapo mtengo, monga nthoci, papaya kapena mango. Mtengowo umakula msanga cifukwa mizu yake imapeza cakudya. Zimbudzi ziwirizi anazikonza ndi katswiri wa ku Zimbabwe, Peter Morgan. Mabanja ambiri ku Malawi amazigwiritsa nchito.

M'zimbudzi zimenezi saponyamo mapulasitiki, mabotolo kapena miyala. Zinthu zotere siziola. Zimatseka mapaipi ndi kuononga manyowa.

Mbali ya ana

Kumanga thanki ndi kufukula manyowa ndi nchito ya akulu. Mwana sayenera kusewera pa thanki ya bayogasi. Sayeneranso kuyatsa macisi pafupi ndi paipi ya mpweya. Akamva fungo lacilendo m'khichini, atsegule citseko ndi kuitana munthu wamkulu.

Koma mwana ali ndi nchito yakeyake. Adzithandize m'cimbudzi, osati kuchire kapena m'ngalande. Avundikire pa dzenje akamaliza. Asambe m'manja ndi sopo ndi madzi oyera. Ngati sopo palibe, phulusa lingathandize.

Caka ciliconse, pa 19 Novembala, dziko lonse lapansi limakumbukira Tsiku la Cimbudzi. Pa tsikuli anthu amakumbutsana kuti banja lililonse ndi sukulu iliyonse ifunika cimbudzi cabwino.

Madzulo a tsiku lija, ambuye anali kuola phulusa pa mbaula kuti akataye. Mwana uja anathamanga ndi citini. "Ambuya, musataye! Ili ndi la nchito."

Mau atsopano

bayogasi: mpweya woyaka wocokera ku zinthu zoola
manyowa: zinthu zoola zimene zimaonjezera cakudya m'nthaka
kusefukira: kudzaza mpaka kutayika
kufukula: kucotsa cinthu cimene cinakwiriridwa pansi

Yankhani mafunso awa

1. Kodi madzi ocokera pa malo oyeretsera a ku Kanini amatsikira mu mtsinje uti?
2. N'cifukwa ciani masukulu anacedwa kutsegula mu 2024?
3. Ndani amene amapanga mpweya mu thanki ya bayogasi?
4. Chulani nchito ziwiri za phulusa m'cimbudzi.
5. Kodi dzenje lodzaza limapumula kwa miyezi ingati?

Zocita

Jambulani mtengo wa nthoci umene wamera pa dzenje la cimbudzi cakale. Pansi pa cithunzi canu lembani ziganizo ziwiri zonena mmene mungasamalire cimbudzi ca pa sukulu panu.