Kachipangizo kanasowa m'masitolo, koma njinga zathu zikukafunabe

Munthu amene wagula kachipangizo kamakono kokonzera njinga, kaja kopinda kolowa m'thumba, amadzadziwa vuto lake tsiku limene tayala lakumbuyo laphwa ali kutali ndi kwawo. Amatambasula timano take tonse, khumi kaya kuposerapo, koma palibe n'kamodzi komwe kogwira nati ya pa ekiselo. Nati imeneyo nthawi zambiri ndi ya mamilimita 15, ndipo ndi imene imagwira matayala a njinga za Hero, Avon, Phoenix ndi zina zotere zimene a kabaza ndi onyamula makala amayendera tsiku ndi tsiku. Makampani ambiri opanga tizipangizoti anasiya kuikamo sipanala, chifukwa njinga zimene iwo amaziganizira zinasiya kalekale kukhala ndi manati.

Akuluakulu akukumbukira kuti kale njinga inkabwera ndi kachikwama kolendewera kuseri kwa chishalo. M'katimo munkakhala sipanala yafulati, chitsulo chimodzi chokha chodulidwa pakamwa pangapo ndi mabowo a masaizi osiyanasiyana, yopangidwa kuti igwire nati iliyonse ya pa njingayo. Kampani ya Raleigh ya ku Nottingham, imene inagulanso dzina la njinga za Humber mu 1932, inkapereka masipanala otere. Ku France kampani ya MAFAC inkagulitsa tizikwama ta zipangizo zing'onozing'ono mpaka pamene inatha m'zaka za m'ma 1980.

Koma chipangizo chimene okwera njinga ena a ku America ndi ku Ulaya amachisowa kwambiri ndi Cool Tool. Anachipanga ndi Robert Seals wa kudera la Chico ku California chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene njinga zokwerera mapiri zinali zitangotchuka. Munthu yemweyu ndi amene pambuyo pake anayambitsa mabotolo achitsulo a Klean Kanteen.

Luso lake linali pa kusataya malo. Thupi la chipangizocho linali shifitingi yaing'ono, sipanala ija yotsegula ndi kutseka pakamwa ndi chala, ndipo milomo yake anaipanga yopyapyala kuti izilowa pamalo opanikizika monga pa makoni a habu. Ku chigwiriro kwake kunali kachipangizo kodulira tcheni, kamene kamakankha pini kuti ituluke. Ma Allen key ankalowa m'thupi lomwelo, ndipo pofuna kudula tcheni munthu ankazula imodzi n'kupotokolera kabawuti kokankha piniyo. Panalinso soketi yomasulira bawuti ya pa kilanki. Chitsulo chilichonse chinkathandiza chinzake: Allen key ikakanika bawuti yolimba, shifitingi inkaigwira n'kuipatsa mphamvu. Zonsezi zinkakwana m'dzanja limodzi. Kampani yopanga mipeni ya Gerber ya ku Portland inatenga chipangizochi m'zaka za m'ma 1990, inachigulitsa kwa kanthawi, kenako inasiya. Lero ochifuna amachisaka kwa anthu ogulitsa katundu wakale pa eBay.

Sichinasiyidwe chifukwa choti chinali choipa. Chimene chinasintha ndi njinga. Tullio Campagnolo wa ku Italy anali atapanga kale, cha m'ma 1930, kachitsulo kotsegulira tayala ndi dzanja popanda sipanala, ndipo m'kupita kwa nthawi njinga zamagiya pafupifupi zonse zinakatengera. Manati a pa chiwongolero, pa chishalo ndi pa mabuleki analowedwa m'malo ndi mabawuti obowoka pamutu, ofuna Allen key ya mamilimita 4, 5 kapena 6. Atabwera mabuleki a disiki anabweretsanso bawuti ya mutu wa nyenyezi, ya mtundu wa Torx umene unayamba mu 1967, ndipo saizi yake pa disiki ndi T25. Matcheni nawo anayamba kuwonda pamene magiya akumbuyo anachuluka kufika 11 ndi 12. Tsono wopanga zipangizo akaona kuti kasitomala wake alibe nati n'imodzi yomwe pa njinga, amachotsa sipanala, imene ndi yolemera kuposa zonse, n'kuikapo nyenyezi. Kampani ya Topeak ya ku Taiwan inatulutsa Alien m'zaka za m'ma 1990, chipangizo chogawika pawiri chokhala ndi timasipanala ting'onoting'ono, koma nati ya pa ekiselo sichiifika. Zambiri zamakono ndi za Allen key, Torx, sikuludiraiva ndi chodulira tcheni.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, chifukwa mumsewu umodzi mumayenda mibadwo iwiri ya njinga. Pali zakuda zija za mabuleki amawaya olimba, zokhala ndi kotapini pa kilanki ndi kaliyala yowotcherera, zimene thupi lonse ndi manati okhaokha. Palinso zamagiya za kaunjika zochokera kunja, zimene mabawuti ake ambiri ndi a Allen key. Ndiye pali zosakaniza, zimene mwini wake anaika tayala la mtundu wina, chishalo cha mtundu wina, malinga ndi zimene anapeza pamsika tsiku limenelo. Njinga yosakaniza yotereyi ndi imene Cool Tool ikanaikwanira bwino, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti chipangizocho chinatha chisanafike n'komwe m'manja mwa anthu amene akanachigwiritsa ntchito kwambiri.

Amene wataya kapena kuthyola chipangizo chakale asataye nthawi kufunafuna dzina lomwelo. Ayambe waiyang'ana njinga yake. Aigoneke chagada pabwalo, ayende nayo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, akuona mutu wa bawuti iliyonse: pa ekiselo, pa mabuleki, pa chiwongolero, pa chishalo, pa kaliyala, pa madigadi. Nthawi zambiri amapeza kuti masaizi ofunika ndi ochepa chabe. Pa njinga yamanati, shifitingi ya mamilimita 150 imagwira pafupifupi zonse, ndipo imathandizanso pa manati akale a ku Britain amene saizi yake siyenderana ndi mamilimita. Pa yamagiya, Allen key zitatu zosapinda, za 4, 5 ndi 6, zimaposa kachipangizo kopinda, chifukwa n'zazitali ndipo zimalowa pamalo obisika. Awonjezerepo sikuludiraiva, zochotsera tayala ziwiri, zigamba ndi guluu, kenako amange zonsezo m'kansalu ndi mphira wa chubu chakale n'kupachika pansi pa chishalo. Akatero wapanga yekha chimene fakitale inasiya kupanga.

Chodulira tcheni n'chimene anthu ambiri amachinyalanyaza, koma ndicho chimasiyanitsa kukwera ndi kukankha. Okonza njinga pansi pa mtengo ali ndi luso lotulutsa pini ndi msomali ndi hamala, atatsamiritsa tcheni pa nati. Pa tcheni yonenepa ya njinga yopanda magiya njirayi imatheka. Pa tcheni yowonda yamagiya imapinda timbale ta m'mbali, ndipo tcheniyo imadzadukanso pomwepo pa chitunda, munthu atanyamula katundu. Wa njinga yamagiya ayenera kukhala ndi chodulira chenicheni komanso kajoini kosungira kogwirizana ndi kuchuluka kwa magiya ake.

Pali sipanala ina yotchipa imene imapezekabe, ya mitu iwiri yobulungira yokhala ndi mabowo khumi, kuyambira mamilimita 6 mpaka 15. Maganizo ake ndi abwino ndithu, ndipo pa tinati ta mabuleki ndi madigadi imagwira. Vuto n'lakuti zambiri zimaumbidwa ndi chitsulo chofewa. Ukaiika pa nati ya ekiselo imene yadya dzimbiri n'kupondapo ndi phazi, mutu umang'ambika, kapena makona a nati amadyeka mpaka nati kusanduka yobulungira. Zikafika apo pamatsala hamala ndi tchizulo, ndiponso ndalama yogulira nati ina. Shifitingi nayonso imadya makona ngati pakamwa pake pakugwedera, choncho pogula muziitseka pa nati n'kuigwedeza kaye musanapereke ndalama.

Eni mahadiweya ndi oitanitsa zida za njinga ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'maboma, inu ndi amene mumasankha zimene wa kabaza adzapeza pa shelefu. Musanaitanitse katoni ya tizipangizo topinda tonyezimira, kaoneni kaye njinga zimene zaimikidwa pakhomo pa sitolo yanu. Tibweretsereni sipanala ya 15 yachitsulo cholimba, shifitingi yaing'ono yosagwedera, Allen key zogulitsidwa imodziimodzi, ndi chodulira tcheni cha mtengo woti munthu wa kabaza angaukwanitse.