Funso lomwe timaiwala kufunsa odwala BP

Munthu akapezeka ndi BP kapena shuga, malangizo omwe amatuluka nawo kwa dokotala ndi odziwika: chepetsani mchere, chepetsani mafuta, muzichita masewera olimbitsa thupi. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu azichita masewera monga kuyenda ndawala kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Wodwala amavomera, mwinanso kukasankha nsapato zothamangira pakaunjika. Pakatha mwezi nsapato zija zili kunsi kwa bedi, ndipo ife a zaumoyo timafulumira kunena kuti munthuyo ndi waulesi.

Nthawi zambiri vuto silikhala ulesi. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Area 25 yemwe amalowa ntchito m'mawa amapeza mpata mbandakucha kapena chisisira basi. Nthawi imeneyo kuli mdima, agalu osamangirira, anyamata a pamphambano omuponyera mawu, ndi mbava zotsomphola mafoni. Yekha sangatuluke, ndipo n'zomveka. Koma akakhala anayi, wina n'kumagogoda pageti kuti "Amake mwana, tiyeni kwacha," amadzuka ngakhale m'chisanu cha mu June, poopa kugwiritsa anzake fuwa la moto. Thupi lake ndi lomwe lija, msewu ndi womwe uja. Chasintha n'chakuti tsopano ali ndi anthu owadalira, nawonso akumudalira.

Mu 2018 ofufuza a Copenhagen City Heart Study ku Denmark adasindikiza zomwe adapeza atatsata anthu oposa 8,500 kwa zaka zofika 25. Poyerekeza ndi anthu ongokhala, osewera tenisi adakhala ndi moyo zaka 9.7 zoonjezera, osewera mpira wamiyendo 4.7, othamanga 3.2, pomwe opita ku jimu 1.5 zokha. Masewera ochitira limodzi ndi anzako ndiwo adali pamwamba, ndipo ofufuzawo adaganiza kuti kucheza ndi ena kuli ndi gawo lake. Apa m'pofunika kusamala: kafukufuku wongotsata anthu sangatsimikize chomwe chayambitsa chinzake, ndipo wosewera tenisi kawirikawiri amakhala wopezako bwino kale. Komabe kusiyana kwa 9.7 ndi 1.5 n'kwakukulu moti sikungangonyalanyazidwa.

Omwe adaigwira bwino mfundoyi ndi a parkrun. Mu October 2004, Paul Sinton-Hewitt adasonkhanitsa othamanga 13 ku Bushy Park mumzinda wa London. Makilomita 5, Loweruka lililonse m'mawa, osalipira kanthu, oyendetsa zonse ndi anthu ongodzipereka. Mu 2011 mwambowu udafika ku Delta Park ku Johannesburg kudzera mwa Bruce Fordyce, katswiri yemwe adapambana mpikisano wa Comrades kasanu ndi kanayi. Chomwe chimasangalatsa kwambiri ndi munthu mmodzi wodzipereka yemwe ntchito yake n'kuyenda kumbuyo kwa onse. Agogo oyenda pang'onopang'ono kapena bambo wonenepa yemwe wabwera koyamba amadziwa kuti sakhala womaliza ndipo sasiyidwa yekha m'njira. Manyazi amalepheretsa anthu ambiri kuposa kupweteka kwa maondo, ndipo woyenda kumbuyoyo amawachotsa.

Ku Bogotá, m'dziko la Colombia, adayambira kumsewu. Kuchokera mu 1974 kuli Ciclovía: Lamulungu ndi patchuthi, misewu yoposa makilomita 100 imatsekedwa kwa magalimoto kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana. Kuchuluka kwa anthu mumsewu n'komwe kumalimbitsa mtima kholo kuti lilole mwana kupalasa njinga.

Kwathu kuno magulu oterewa alipo kale: mpira wa madoda Lamulungu, netibo ya amayi a mumpingo, kwaya yoyimba movina. Ali ndi zilema zake. Mpira wa madoda nthawi zina umathera pabawa, thukuta lonse n'kubwezeredwa ndi mowa ndi kanyenya, ndipo mlendo wongosamukira kumene m'dera savomerezedwa msanga. Ngakhale zili choncho, wodwala asanatuluke m'chipinda ndi bwino kumufunsa kuti, "Kodi kwanuko mungamayende ndi ndani?" Akatchula dzina, apangane tsiku loyambira. Akakhala chete, ntchito yoyamba ya wazaumoyo ndi kumulozera gulu lapafupi, kaya la kumpingo kapena la kuntchito, asanayambe kumuwerengera mphindi 150.