Jinzi yokhala bwino imayambira pa chingwe choyezera, osati pa nambala

Nyengo yokolola ikafika m'boma la Angónia, ndalama za mbatatesi, soya, nyemba ndi fodya zimayamba kuyenda m'manja mwa anthu, ndipo misika ya zovala imadzaza. Ku Vila Ulónguè, ku Domué, ku Calomué ngakhalenso ku Lizulu, kumene msika uli pa malire penipeni, amayi ndi atsikana amaunjikana pa milu ya zovala kufuna thalauza la jinzi. Ambiri amabwerera kwawo akusekerera, koma akakayesa kunyumba amapeza kuti batani silikutseka, kapena kumbuyo kwa chiuno kwatsala mpata wolowa nkhonya. Pa msika palibe chipinda choyeseramo zovala, ndipo ogulitsa ambiri salandiranso katundu amene wachoka pa mulu. Ndalama imene inavutikiridwa kumunda yapita, jinzi yangokhala m'sutikesi.

Vutoli limayamba chifukwa wogula amakhulupirira nambala yolembedwa pa kansalu ka m'chiuno mwa thalauza. Nambalayo ndi yosadalirika, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva.

Chifukwa chake nambala imasokoneza

Zovala zakale zimene kuno zimatchedwa kalamidade, ndipo ku Malawi amati kaunjika, zimafika m'mabelo kuchokera ku mayiko osiyanasiyana. Dzina loti kalamidade linachokera m'zaka za m'ma 1980, pamene zovala zoterezi zinkabwera ngati chithandizo kwa anthu ovutika ndi nkhondo ndi chilala. Lero ndi malonda, ndipo m'belo limodzi mumatha kupezeka majinzi osokedwera anthu a ku Portugal, ku Britain ndi ku America. Pamwamba pa izi pali majinzi atsopano ochokera ku China ndi ku South Africa. Dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake.

Thalauza limene ku mayiko ambiri a ku Ulaya limalembedwa 38, ku Britain amalilemba 10, ku South Africa 34, ndipo ku America 6. Kukula kwake n'kofanana, manambala okha ndi anayi. Palinso majinzi olembedwa chilembo W kutsogolo kwa nambala, monga W28 kapena W30. Amenewa amawerenga chiuno m'mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Choncho mayi amene anazolowera kuvala 38 ya ku Ulaya akatola 38 ya ku South Africa, watenga thalauza lomukulira ndi masaizi awiri. Akatola W38, watenga thalauza la chiuno cha masentimita pafupifupi 97, lokwana bambo wonenepa ndithu.

Ngakhale m'dziko limodzi momwemo, fakitale iliyonse imadula nsalu mwa njira yake. Jinzi ya kalamidade nayonso inavalidwa kale ndi kuchapidwa kambirimbiri, kotero ina inafupika, ina inatamuka. Nambala ikungonena za tsiku limene thalauzalo linatuluka m'fakitale.

Kuyeza musanapite ku msika

Njira yodalirika siilira ndalama. Imafuna chingwe chosatamuka, kapena kansalu kong'ambidwa m'mphepete mwa kapulana yakale. Mayi adziyeze malo awiri. Poyamba ndi m'chiuno, pamene akufuna kuti thalauza lizimangika. Amange mfundo pamene chingwe chakumana. Kachiwiri ndi pamene thupi lakula kwambiri, kuzungulira matako ndi pamwamba pa ntchafu, ataimirira miyendo ili pamodzi, ndipo amange mfundo yachiwiri. Telala aliyense wa pa msika ali ndi tepi yoyezera ndipo angathe kuthandiza, nkulemba masentimitawo pa kapepala.

Pa msika, thalauza litsekedwe batani ndi zipi, nkuliyala pa malo osalala. Popeza layalidwa, m'lifupi mwake ndi theka chabe la kuzungulira kwake, choncho chingwe chipindidwe pawiri mpaka pa mfundo. Chingwe cha m'chiuno chiyerekezedwe ndi lamba wa thalauza, ndipo cha m'matako chiyerekezedwe cha kumunsi kwa zipi, pamene thalauza latambalala kwambiri. Amene ali kale ndi jinzi imene imamukhala bwino angathe kuyeza jinziyo m'malo moyeza thupi.

Ambiri pa misika amadziwa njira yozunguliza lamba wa thalauza m'khosi: nsonga zikakumana kumbuyo, amati likwana. Njirayi imathandizako pa chiuno chokha, koma siinena chilichonse za matako ndi ntchafu, kumene majinzi ambiri amakanira amayi.

Ngati miyeso iwiriyi ikutsutsana, wogula atsate wa m'matako. Jinzi yokwana m'matako koma yotayirira m'chiuno telala amaibweza mosavuta, pochepetsa lamba cha kumbuyo kapena kusoka timapinda tiwiri. Jinzi yothina m'matako ilibe mankhwala, chifukwa misoko yake siisiya nsalu yotsala yoti nkuwonjezera. Chimodzimodzi kutalika: miyendo yayitali imadulidwa nkupindidwa, yayifupi siitalikitsidwa. Ndalama ya telala iwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa thalauza wogula asanavomere.

Kumene kuli mwayi woyesa, monga m'sitolo kapena pansi pa kapulana, kuimirira kokha sikukwanira. Mayi akhale pansi, anjute ngati akukoleza moto, akweze mwendo ngati akukwera njinga yamoto. Zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi mimba. Ngati ponjuta kumbuyo kukutsika nkuonetsa zamkati, kapena zipi ikutseguka yokha, thalauzalo si lake.

Kadulidwe ndi thupi la munthu

Fashoni imasintha. Zaka zapitazi atsikana ankafuna majinzi othina kuyambira m'chiuno mpaka m'akakolo. Masiku ano pa Facebook ndi TikTok pakuoneka kwambiri majinzi a miyendo yotambalala ndi ofika pa mchombo. Koma kadulidwe kalikonse kali ndi thupi limene kamaliyenera.

Jinzi yofika pa mchombo imagwira mimba, ndipo siitsika munthu akawerama. Imathandiza amayi amene anabereka, komanso a chiuno chaching'ono ndi mbina yayikulu, amene majinzi otsikira pansi pa mchombo amawasiyira mpata kumbuyo. Wa thunthu lalifupi angasankhe yofika pansi pang'ono pa mchombo kuti lamba asamukanikize m'nthiti akakhala.

Jinzi ya miyendo yowongoka, yofanana m'lifupi kuyambira pa bondo mpaka pansi, imakhala pafupifupi aliyense, ndipo siitha fashoni. Kwa amene ali ndi ndalama ya thalauza limodzi lokha chaka chino, iyi ndiyo yosanong'oneza bondo.

Jinzi yotambalala pang'ono kumunsi kwa bondo imayenera amayi a ntchafu zazikulu, chifukwa kutambalala kwa pansi kumalingana ndi kwa pamwamba. Yotambalala kwambiri kuyambira m'ntchafu ndi yomasuka poyenda, koma munthu wamfupi imamumeza ngati siyinadulidwe bwino. Ikakhala yokwekwereza pansi, imatola fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, ndipo pa njinga yakapalasa imakodwa mu tcheni. Mpendero uzilekeza pamwamba pa nsapato.

Matumba a kumbuyo nawonso ali ndi ntchito. Ang'onoang'ono ndi otalikirana amachititsa kumbuyo kuoneka kotambalala. Akulu bwino, okhala pakati ndi oyandikirana, amaoneka mwaudongo. Mtundu wodera, wabuluu wakuda kapena wakuda, umabisa zambiri ndipo umalowa paliponse, ku ofesi, ku sukulu ngakhale pa ulendo. Mawanga oyera opaka dala pa ntchafu amakokera maso pomwepo.

Nsalu yake

Angónia ndi dera lokwera, lopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Jinzi yopyapyala kapena yong'ambidwa dala m'mawondo, imene ingamveke bwino mu kutentha kwa mzinda wa Tete, kuno imalowetsa mphepo m'mamawa. Yong'ambidwa dala siichedwanso kutha, chifukwa chibowo chimakula pa kuchapa kulikonse.

Kansalu ka mkati, kosokeredwa m'mbali mwa thalauza, kamanena zimene anapangira nsaluyo. Mawu oti algodão kapena cotton akutanthauza thonje. Elastano, elastane, spandex kapena Lycra ndi ulusi wotamuka ngati mpira. Jinzi ya thonje lokhalokha imalimba ndi kukhalitsa, koma siitamuka kwenikweni, choncho iyenera kukwana kuyambira tsiku loyamba. Yokhala ndi ulusi wotamuka wokwana 1 kapena 2 pa 100 iliyonse imatsata thupi popanda kutaya maonekedwe. Ulusiwu ukachuluka, thalauza limakoma masiku oyamba koma silichedwa kulendewera m'mawondo.

Pa jinzi ya kalamidade, malo oyamba kuyang'ana ndi pakati pa ntchafu, pamene nsalu imakhulana munthu akamayenda. Wogula aikweze ku dzuwa: ngati kuwala kukudutsa pamenepo, yatsala pang'ono kubooka. Aikokenso pa bondo nkuisiya. Ikabwerera m'malo mwake, ulusi wotamuka udakali wamoyo. Ikatsala yokwinyika ngati mafunde, kapena tiulusi toyera tikutuluka, inatha kale. Zipi ikwezedwe ndi kutsitsidwa kangapo, batani ligwedezedwe, dzanja lilowe m'matumba onse, ndipo timalupu ta lamba tiwerengedwe. Zipi yowonongeka telala amasintha, koma ndi chifukwa chokwanira chotsitsira mtengo.

Pa jinzi yatsopano yotsika mtengo, chofunika kuona ndi misoko ndi utoto. Msoko wa m'mbali uzitsika mowongoka, osapotokera kutsogolo kwa mwendo. Kukhula nsaluyo ndi kansalu koyera konyowa kumaonetsa ngati utoto udzachucha nkudetsa bulauzi kapena nsapato.

Ndipo pa misika ya m'malire, pamene metikali ndi kwacha zimayendera limodzi, wogula afunsitse kuti mtengo watchulidwawo ndi wa ndalama iti asanayambe kunenerera.

Thalauza ndi kapulana

Jinzi inayamba ngati chovala cha ntchito cha amuna. Pa 20 Meyi 1873, Levi Strauss ndi telala Jacob Davis analandira chilolezo ku America cha thalauza lolimbitsidwa ndi timisomali tamkuwa m'makona a matumba. Kampani ya Levi Strauss inatulutsa jinzi yosokedwera amayi mu 1934.

M'dera lino nkhani ya mayi ndi thalauza ili ndi mbiri yake. Ku Malawi, lamulo la kavalidwe la mu 1973, mu ulamuliro wa Hastings Kamuzu Banda, linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi pa gulu, ndipo linagwira ntchito zaka pafupifupi 20. Mabanja ambiri a ku Angónia anakhala pansi pa lamuloli pamene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992. Mu Januwale 2012, mavenda ena ku Lilongwe anavula amayi ovala mathalauza mumsewu. Amayi anachita msonkhano waukulu wodzudzula zimenezi ku Blantyre, kumene kunafikanso Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zimene afuna.

Lero palibe lamulo loletsa mayi kuvala thalauza, kuno ku Mozambique ngakhale ku Malawi, ndipo kumuvula kapena kumugwira chifukwa cha chovala chake ndi mlandu. Mwambo wokha ndi umene udakalipo. Pa maliro, pa bwalo la amfumu, kwa apongozi ndi m'matchalitchi ambiri, amayi amamanga kapulana pamwamba. N'chifukwa chake ambiri ovala jinzi amayenda ndi nsalu m'chikwama. Izi nazo zili ndi mbali pa kasankhidwe: jinzi yowongoka kapena yothina pang'ono imalowa bwino pansi pa kapulana, pamene yotambalala kwambiri imatukumula nsalu nkumavuta poyenda.

Kusamala kuti ikhalitse

Jinzi iliyonse, ya kalamidade ngakhale yatsopano, ichapidwe isanavalidwe. Poichapa itembenuzidwe, kunja kukhale mkati, zipi itsekedwe, ndipo madzi akhale ozizira. Madzi otentha ndi simbi yamakala yotentha kwambiri zimapha ulusi wotamuka. Kuimenyetsa pa mwala ndi kuikwecha ndi burashi kumasiya mizere yoyera. Yoderayo ichapidwe payokha maulendo oyamba, ndipo iyanikidwe pa mthunzi kapena ili chitembenuzire kuti dzuwa lisaisulutse. Pakati pa ntchafu pakayamba kupyapyala, telala aikepo chigamba cha mkati pasanabooke. Kudikira kuti ping'ambike kumakulitsa ntchito ndi mtengo.

Tsiku la msika likamayandikira, chingwe cha mfundo ziwiri chija chilowe m'chikwama limodzi ndi ndalama.