Ravi Shankar, Mmwenye Woimba Sitar

Ambiri a ife kuno ku Kuti tikamva za Amwenye timangoganiza za masitolo, nsalu ndi malonda. Tsono ine ndifuna kukusimbirani, anzanga ndi aphunzitsi, za Mmwenye wina amene adatchuka pa dziko lonse chifukwa cha choimbira cha nsambo chotchedwa sitar. Dzina lake ndi Ravi Shankar.

Ndiyambe ndalongosola choimbiracho. Kumunsi kwake kuli chipanda chachikulu cha mphonda youma, ndipo ntchito yake ndi yomwe ija ya chikho kapena chitini chimene oimba bangwe amaika kuti mawu akule. Pachipandapo pamachokera mtengo wautali umene nsambo zachitsulo zimagonapo, pafupifupi 20. Woimba amakhudza 6 kapena 7 zokha ndi kawaya kopinda kovala kuchala chamkombaphala. Zotsalazo zili kunsi, ndipo zimalira zokha zikamva zinzake zikulira. Akakokera nsambo chakumbali, mawu amakwera pang'onopang'ono monga a munthu wodandaula.

Ravi Shankar adabadwa pa 7 April 1920 mu mzinda wa Benares, umene tsopano autcha Varanasi. Ali ndi zaka 10 adapita ku Paris ndi mkulu wake Uday Shankar, amene adali ndi gulu la ovina, ndipo nayenso adavina m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America. Adaphunzira Chifalansa, nazolowera mahotelo ndi zovala zabwino.

Koma mbali ya moyo wake imene ine ndimaiona yaikulu ndi iyi. Katswiri wina, Allauddin Khan, adayenda ndi gululo kanthawi, ndipo adauza mnyamatayo kuti angamuphunzitse pokhapokha atasiya maulendowo ndi kukakhala naye kwawo. M'chaka cha 1938 Ravi adalekadi kuvina, nameta mpala, napita ku Maihar, katauni ka pakati pa India. Kumeneko adakhala mpaka 1944. Taganizani, anzanga, zaka zoposa za ku sekondale, ndipo phunziro lake limodzi lokha! Mphunzitsiyo, amene ankamutcha Baba, adali waukali zedi. Ravi ankaphunzira pamodzi ndi ana a Baba, Ali Akbar Khan ndi Annapurna Devi, amene adamukwatira mu 1941.

Kodi chotengera zaka zonsezo n'chiyani? Nyimbo zimenezi sazilemba zonse pa pepala. Wophunzira amapatsidwa raga, ndiye kuti mawu osankhika ndi malamulo a kakweredwe ndi katsikidwe kake, ndipo iye amapeka nyimboyo pomwepo akuimba, osaswa malamulowo. Raga ina ndi ya m'mawa, ina ya madzulo, ina ya nyengo ya mvula. Zotere munthu amazitola ndi khutu, atakhala pansi pafupi ndi mwini wake, monga momwe mwana amaphunzirira kaligo kwa agogo ake.

Atachoka ku Maihar adayang'anira za nyimbo pa All India Radio kuyambira 1949 mpaka 1956, napekanso nyimbo za kanema wa Satyajit Ray wotchedwa Pather Panchali. Mu 1956 adayamba kukaimbira Azungu kwawo. Adaimba ndi Yehudi Menuhin, ndipo mu 1966 George Harrison wa gulu la Beatles adadza kudzaphunzira kwa iye.

Kutchukako kudadza ndi zowawa zake. Ku Monterey mu 1967 adaona Jimi Hendrix akutentha gitala, ndipo zidamunyansa, pakuti kwawo choimbira amachilemekeza ngati chinthu chopatulika. Ku Woodstock mu 1969 adaimbira khamu limene ambiri adali oledzera ndi chamba, ndipo adadandaula kuti sadali kumvetsera. Ndiganiza kuti sadalakwe kudandaula, ngakhale kuti achinyamata omwewo ndiwo adabukitsa dzina lake.

Mu 1971 nkhondo ya ku Bangladesh idathawitsira anthu mamiliyoni ku India. Popeza makolo ake adali a mtundu wa Chibengali, Ravi adapempha Harrison kuti athandize, ndipo pa 1 August adaimba ku Madison Square Garden mu New York kuti apeze ndalama za othawawo. Ravi ndi Ali Akbar Khan atangotha kukunga nsambo, anthu adaomba m'manja poyesa kuti nyimbo yatha. Iye adawathokoza, nati ngati kukungako kwawakomera chotero, ndiye kuti nyimbo yeniyeni iwakomera koposa.

Adakhala m'nyumba ya malamulo ya India kuyambira 1986 mpaka 1992, ndipo mu 1999 adalandira Bharat Ratna, ulemu waukulu koposa wa dzikolo. Mwana wake Norah Jones amaimba za ku America, koma Anoushka Shankar adamuphunzitsa yekha sitar. Ndi Anoushkayo adaimba komaliza pa 4 November 2012 ku Long Beach, California, ndipo adamwalira pa 11 December chaka chomwecho ali ndi zaka 92.